Mpongozi Wobisa Mankhwala

Chiyambire tsiku limene wailesi inatchula kafukufuku wake, Namaselo sanadyenso mwamtendere m'nyumba mwake. Dzinali anamupatsa ndi alamu ake pomuseka, chifukwa ntchito yake mu labotale inali yolera maselo a khansa m'timbale tapulasitiki, n'kumayesa kuwabweza ku ukhanda kuti aiwale nkhanza zawo. Mtolankhani anangolengeza kuti mayiyu wasandutsa maselo a khansa kukhala abwinobwino. Zoti izi zinachitikira m'kambale sanazitchule.

Apongozi ake aamuna anali ndi chotupa m'matumbo, ndipo iwo ndi akazi awo ankakhala m'chipinda cha alendo kuti ayandikire chipatala. Loweruka masana, Namaselo akusintha zofunda za odwalawo, anawafunsa mmene dilipi ya mankhwala a khansa inayendera Lachiwiri. Bambowo anayang'ana kukhoma. Apongozi aakazi, amene anaima pakhomo, ndiwo anayankha.

"Sanapite. Mwezi wonse uno sanapondeko. Apitirenji kukathothoka tsitsi pomwe mankhwala enieni ali m'banja momwe muno?"

Namaselo anagwetsa pilo. Anatulukira pabalaza n'kupeza mwamuna wake ali pa sofa, akutembenuzatembenuza foni ngati sakumva.

"Inu mumadziwa zimenezi?"

"Ndimati ndikuuzeni," anatero mwamunayo osadzutsa mutu.

"Mumati mundiuze liti? Pa maliro?"

Apongozi aakazi anamutsatira, nsalu atamanga m'chiuno. "Maliro muwatchule inu amene mukuwafuna! Dziko lonse lamva kuti mwapeza mankhwala. Kutchalitchi anthu akundigwira chanza, ati muli ndi mwayi, mpongozi wanu ndi dokotala wamkulu. Ine n'kumangomwetulira ngati chitsiru, amuna anga akutha ngati sopo."

"Amayi, ndakuuzani kangati? Si mankhwala. Ndi zoyesa. M'kambale maselo ena amamvera, inde. Koma titabaya mbewa, zina zinamera zotupa zoposa zoyamba. Selo likabwerera ku ukhanda silidziwanso malire, limangoswana."

"Ndiye amuna anga ndi mbewa?"

"Ayi, n'chifukwa chake sindingawabaye!"

"Akanakhala bambo anu okubalani, bwenzi mutatenga kale kabotolo m'chikwama. Ife ndife akuchimuna, anthu ongodya ndiwo zanu."

Mawuwo anamulasa. Iye ndi amene ankadzuka kukatsuka beseni bambowo akasanza, iye ndi amene anakagwada kwa madokotala anzake kuti awaone msanga. Anatembenukira kwa mwamuna wake kuti amuikire kumbuyo. Mwamunayo anakanda m'mutu, kenaka anayankhula motsitsa.

"Koma amayi a mwana, ngakhale pang'ono pokha? Ndani angadziwe? Ndi bambo anga ajatu."

Namaselo anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta. Zaka zonse za ukwati wawo munthuyu ankamumvera akamadandaula za mbewa zakufa ndi timbale tovunda, kani zonsezo zinkalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha ukwati chinapendekeka pakhoma. Anatsitsa sutikesi, n'kuyamba kuponyamo zovala zosapinda.

Anamva kugogoda kofooka. Atatsegula anapeza apongozi aamuna atatsamira khoma, thalauzi likuwakhwepa m'chiuno. Chibwerere m'nyumbamo anali asanafikepo pakhomo la chipinda chimenecho.

"Apongozi, musapite," anatero akupuma movutikira. "Mayi anuwa musawaweruze okha. Dilipi ija ine ndimaiopa. Ikalowa m'thupi ndimamva ngati ndamwa palafini. Iwo atanena za mankhwala anu, ndinapeza pobisala. Tsopano ndiuzeni ine mwini nthenda, osandinyengerera. Alipo kapena palibe?"

"Palibe, bambo. Akanakhalapo ndikanathyola chitseko cha labotale ndi manja angawa."

Bambowo anagwedeza mutu. "Basi. Lolemba mundiperekeze."

Apongozi aakazi anakhala pansi pakhonde la mkati n'kuyamba kulira mokweza, akuti onse awagwirizanira. Palibe anawatonthoza. Mwamuna wa Namaselo anabwera kudzagwira sutikesi ija, koma mkazi wake anamulanda n'kuikankhira pansi pa bedi, zovala zili momwemo.

Lolemba dokotala anaunika, n'kuwaitanira m'kachipinda. Chotupa chinali chitakula pa mwezi umene unatayikawo. Anati chithandizo chiyambiranso, koma opaleshoni yochotsa chotupacho imene ankayembekezera yasunthira kutali, mwina osachitika n'komwe. Mwamuna wa Namaselo anatuluka kukalirira kuseri kwa galimoto. Namaselo anafuna kukuwa, kutukwana mtolankhani, apongozi, ngakhale maselo ake omwe, koma anangoluma mlomo n'kukasainitsa zoti odwala agonekedwe.

Bambowo atalumikizidwa dilipi, amayi awiriwo anatsala pa benchi ya panja pa wodi, pakati pawo pali mpata wokwana munthu. Anamwino ankadutsa ndi timatebulo tamatayala. Apongozi aakazi ankapotokola ngodya ya nsalu yawo.

"Ndiye kuti ndawapha ndine," anatero potsiriza.

"Sanafe, amayi. Ali m'katimo, akukangana ndi namwino za pilo."

Mayiwo anapukuta mphuno. Sanapepese, ndipo Namaselo sanayembekezere kupepesedwa.

"Nanga zoyesa zanuzo zidzapsa liti?"

"Sindikudziwa. Mwina zaka khumi. Mwina ine ndidzapuma ntchito zisanatheke."

"Amuna anga sadzazilawa."

"Ayi, amayi."

Apongoziwo anayang'ana odwala ena amene anadzaza mabenchi mpaka kukhomo, ena ndi ana kumsana, ena atafunda mitu. Kenaka anatambasula dzanja n'kulanda fulasiki ndi thumba la zovala zimene Namaselo anafungatira.

"Ndiye mukukhaliranji pano? Kudikirira odwala ndimatha ndekha. Nyamukani, kazipitani ku mbewa zanuzo."