Mamita Atatu Osowa

"Yezaninso! Tepi yanuyo ndi yakuba."

"Tepi siiba, bambo. Imangonena zomwe yapeza."

Bambo Adigun anatsonya. Ndiwo anaitana mayi Oyelaran, katswiri woyeza nyumba, kuti adzatchule mtengo wa nyumba ya makolo awo ku Ibadan. Wogula anali atapezeka kale. Mlamu wawo wamasiye ndi mwana wake Morenike, omwe ankakhala m'nyumbamo, anali atauzidwa kuti ayambe kumanga katundu.

Mayi Oyelaran anali atalongosola kuti mtengo umatsata kukula kwa nyumba: mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi. Chimvereni zimenezo, bambo Adigun ankafuna kuti khonde liwerengedwe, khola la nkhuku liwerengedwe, mwina ndi mthunzi wa mango womwe.

"Yezani kunja," analamula. "Makoma nawonso ndi nyumba."

"Ndiyeza konse, kunja ndi m'kati."

Morenike atatola nsonga ya tepi, bambo ake aang'onowo anamutsina pamkono. "Utsegule pakamwa pakopo, uona," ananong'ona.

Mtsikanayo ankadziwa chomwe bambo Adigun ankaopa. Dzulo lake bambowo anabwera ndi mmisiri, natseka ndi njerwa khomo la chipinda chakumapeto, napaka penti. M'chipindamo munali manda a agogo Akanmu, omwe anaikidwa m'nyumba yawo monga ankafunira akuluakulu ambiri a nthawi yawo. Koma ogula sakonda kukhala ndi maliro a eni ake, ndipo mtengo umagwa.

Kunja khoma linapereka mamita khumi ndi anayi. Bambo Adigun anamwetulira mpaka usinini. M'kati, kuchokera pakhomo mpaka kumapeto kwa mpita, tepi inaima pa khumi ndi imodzi.

"Amayi, ine masamu amandivuta," anatero Morenike kwa mayi Oyelaran, nkhope ili phee. "Kodi nyumba ingatalike kunja n'kufupika m'kati?"

"Chete, mwana wa njoka iwe!" anakuwa bambo Adigun. "Mlamu, mwana wanuyu munamulera ndi chiyani?"

"Ndi chakudya cha m'nyumba mukugulitsayi," anayankha mayi a Morenike ali pakhomo la khitchini.

Mayi Oyelaran anagogoda khoma lakumapeto kwa mpitalo ndi chala. Ananunkhiza penti.

"Pasowa mamita atatu. Chomwe sindinachione sindichiwerenga. Mutsegule ndione, apo ayi nyumba yanu ndi yaing'ono."

Bambo Adigun anawerengera mumtima. Kukhala chete kunali kutaya mamita atatu. Kutsegula kunali kutaya wogula. Anayang'ana khoma, anayang'ana tepi, ndipo umbombo unayankha iwo asanaganize.

"Chipinda chilipo! Chachikulu, cha simenti yabwino. Werengani basi!"

"Muli chiyani?"

"Katundu wakale."

Mayi a Morenike anaika pansi mtondo womwe ankakulunga m'nsalu. "Katundu wakaleyo ndi bambo awo owabereka, amayi."

Mayi Oyelaran anapinda tepi yawo pang'onopang'ono. "Wogula ndimuuza kuti muli manda. Dzina langa sindiliika pa bodza."

"Ndakulipirani ndine!"

"Munalipira kuyeza. Ndayeza."

Anatuluka osatsanzika. Bambo Adigun anatsala ataima pamaso pa khoma lawo latsopano, penti itawamata kumalaya. Morenike anawayandikira, akusisita pomwe anamutsina paja.

"Bambo aang'ono, nanga agogo mumawagulitsa zingati pa mita?"