Dzira la pa Kasupe Wotentha

Anzake onse anatsika phiri dzuwa likadalipo, koma Pulofesa, monga ankamutchulira kwawo chimalizireni yunivesite, anatsalira pa kasupe wotentha. Anali atabetcherana ndi achimwene ake kuti madzi amenewo akhoza kuphika dzira. Analiika mu sokosi, n'kuliviika, n'kudikira. Pomwe ankalivuula mdima unali utagwa, koma iye mano onse panja: achimwene aona lero.

Anayamba kutsika akuimba, dzira lili m'thumba. Nyimbo inathera pakamwa foni yomwe ankaunikira njira itazima. Nthunzi ponseponse, njira osaoneka. Anakumbukira chikwangwani cha pageti lolowera kuphiriko: ukaphonya njira nthaka imabooka, ndipo pansi pake madzi amabwadamuka.

"Achemwali, pamenepo ayi. Pondani pakuda. Poyerapo m'popanda pansi."

Anali bambo wovala yunifolomu ya otsogolera alendo, yonyoweratu, ikufuka nthunzi. Mtima wa Pulofesa unakhala m'malo ndipo anamutsatira. Koma mutu wake, wosazolowera kukhala chete, unayamba kufunsa. Mvula sinagwe. Munthuyu wanyowa bwanji? Nanga iyeyo bwanji akuponda poyera pomwepo... nthaka osabooka?

"Lapsa dzira lanu?" anafunsa bamboyo.

Za dzira sanamuuze. Analitulutsa m'thumba, litazizira kale. Bamboyo analigwira pang'ono, n'kumubwezera.

"Langa silinapsebe."

Dzira linamuwotcha m'manja! Anakweza maso. Munthu palibe. Nthunzi yokhayokha... ndi nyali ya pageti chapatsogolo. Anathamanga osacheuka.

Achimwene ake anali atatsamira galimoto, akucheza ndi mlonda wa imvi.

"Apulofesa, digiri ija inalibe phunziro losunga nthawi? Bweretsani umboniwo tione." Analilandira dziralo, nthawi yomweyo n'kuliponya pa udzu. "Iwe, mtunda wonsewu likutenthabe chonchi?"

Mlonda anavula chipewa. "Mwakumana naye eti? Wakuuzani za poyera?"

Pulofesa anangovomera ndi mutu.

"Tinayambira limodzi ntchito. Anapita kukavuulira alendo mazira, nthaka inamubookera. Chikwangwani icho tinakhoma titabwera kumaliro ake, tsitsi langali likadali lakuda."

Onse atatu anayang'ana dzira lija likufukabe pa udzu. Kubetcha Pulofesa anali atapambana, koma palibe amene anawerama kuti alisende atsimikize.