Magetsi Ophethira Kawiri

Magetsi anayamba kuphethira pasanapite nthawi chiikire maliro a woyang'anira makina opangira magetsi a m'mudzimo. Mkazi wa malemuyo ankasita zovala pamene babu la pabalaza linazilala, n'kuwala, n'kuzilalanso. Simbi inamupulumuka m'manja.

Mudzi wonse unkakudziwa kuphethira kumeneku, koma tanthauzo lake ankalidziwa mayiyo yekha. Mwamuna wake akamaliza kuchotsa zinyalala pa sefa, kuphiri kumene madzi a mtsinje amalowera m'paipi yopita ku makina, ankatseka madziwo pang'ono n'kutsekula, kawiri. Kunali kunena kuti: mayi, telekani madzi osamba, ndikutsika. Tsopano munthuyo anali m'manda, koma magetsi osaleka.

Mawa lake anaphethiranso, mkuja chimodzimodzi. Mayiyo tulo tinamuthawa. Ankangozungulira m'nyumba, kukhala pansi, kudzukanso, khutu lili ku makina amene ankalira chapatali mumdima ngati munthu wobuula. Kuchigayo anthu anayamba kunong'onezana kuti mwamunayo anamupha ndi mkazi wake, n'kumutsekera m'makina kuti azigwirabe ntchito. Ntchitoyo anali ataitenga mng'ono wa malemu, amene ankagona konko kuphiri ndipo makutu ake anali atatha ndi phokoso. Koma wokwera phiri kukamufunsa panalibe, poti miseche amaichita ali chikhalire.

Kenako kunabwera wapampando wa komiti ya magetsi, n'kuima pakhomo osalowa.

"Mayi, anthu akuopa ngakhale kuyatsa wailesi," anatero motsitsa mawu. "Zikapitirira, tikupemphani musamuke."

Asamukire kuti? Nyumbayo anaimanga ndi mwamuna wake. Madzulo omwewo anatenga tochi n'kuyamba kukwera, mantha ali tho. Paipi inkanjenjemera m'mbali mwa njira, mame akumunyowetsa miyendo, ndipo kumtunda kunkamveka chitsulo chikukwecha pa sefa, kwee, kwee. Atafika anaona munthu atawerama pa chiwongolero cha madzi, atavala chijasi cha malemu. Munthuyo anatseka, n'kutsekula, n'kutsekanso. Mayiyo anamuunika kumaso.

"Alamu! Ndinu?"

"Mwati bwanji?"

"Ndati mukutsekeranji madzi kawiri?" anakuwa.

"Si mmene ankachitira akulu anga? Ndinkawaona tsiku lililonse. Ndimayesa makina amafuna choncho."

Mayiyo anakhala pamwala, kuseka ndi kulira pamodzi. Mtima unatsika, komabe chinamupweteka, chifukwa pansi pamtima ankafuna akhale mwamuna wake. Atamufotokozera zonse, mlamuyo anagwira pakamwa.

"Pepani, alamu. Tiyeni titsike pompano, ndikawauze ndekha a komitiwo."

Anamanga chiwongolero ndi tcheni, n'kukhoma loko, kiyi n'kuponya m'thumba la chijasi. Anatsika mondondozana, mayiyo patsogolo. Atafika pokhota, mudzi wonse unaonekera kumunsi, mababu ali ngwee m'nyumba zonse.

Ndiye anazilala. N'kuwala. N'kuzilalanso.

Mlamuyo anapisa dzanja m'thumba, kiyi n'kulira. Kumunsi zitseko zinayamba kutsekuka, matochi akulunjika kunyumba ya mayiyo. Mayiyo anayang'ana kuphiri kamodzi kokha, kenako anayamba kutsika mothamanga.

"Alamu, musapiteko!" anakuwa mlamuyo. "Simukuwaona anthuwo? Mukuthamangira chiyani?"

Mayiyo sanacheuke.

"Madzi sindinateleke," anatero.