Dzina Lofufutidwa M'magazini ya Madokotala

Mayi wina wamtali, wachipsera pachibwano, anangotulukira pambali pa Loveness, opanda tochi, atavala zobiriwira za m'chipinda cha opaleshoni.

Loveness anali atachedwa kuweruka kuchipatala, komwe ntchito yake inali yogonetsa odwala asanachitidwe opaleshoni. Njinga zakabaza zinali zitatha, ndiye anangouyamba wapansi ulendo wobwerera kunyumba ku Lufita, mtima ukuwawa. Masana a tsikulo, magazini ya bungwe la madokotala ogonetsa odwala mtima ndi chifuwa inali itatulutsa kafukufuku amene iye anakhetsera thukuta ali ku Blantyre. Mwambo wake ndi wodziwika: amene wagwira ntchito yaikulu, dzina lake limayamba. Koma panali dzina limodzi lokha, la Dokotala Caleb, bwenzi lake lapamtima lomwe linamuveka mphete ya chitomero. Pafoni Caleb anamunyengerera kuti, "Ukakadandaula kubungwe andichotsa ntchito, ukwati wathu uthera pomwepo. Ingokhala chete, wokondedwa."

"Mwatandala uli, amama?" Loveness anapereka moni.

Mayiyo sanayankhe moniwo. "Wakuuza kuti ukhale chete eti?"

Loveness anagwidwa nthumanzi. Nkhaniyi sanauzeko munthu.

"Inenso ndinamulemberapo kafukufuku," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Ndinkachezera kumvetsera mitima ya odwala, iye ali mtulo. Dzina langa anafufuta, n'kundilonjeza mphete. Ndinakhala chete."

Anafika pamlatho. Achule anasiya kulira. Mapazi ankamveka a munthu mmodzi... a Loveness yekha! Fungo la mankhwala ogonetsera linadzaza mphepo. Dzanja lozizira linamugwira pamkono, zala ziwiri pamtsempha, monga amachitira ogonetsa odwala.

"Mtima wako ukugundabe, mwanawe. Lankhula."

Loveness anacheuka... zii! Madzi okha akuyenda pansi pamlatho.

Anathamanga mpaka pamene panali kuwala kwa nyumba yoyamba, n'kuimbira Caleb foni.

"Caleb, ndani wina amene unamufufuta dzina? Wamtali, wachipsera pachibwano, wa konkuno ku Lufita?"



"Wakuuza ndani zimenezo?" Mawu a Caleb anasasa. "Ameneyo... ameneyo tinamuika m'manda kalekale, iwe ndisanakudziwe n'komwe."

Misozi inatsika, koma mawu a Loveness sanagwedezeke. "Mphete yako udzaitenge. Mawa ndikukadandaula kubungwe, ndipo ndikatchula mayina awiri. Ndiuze lake."

Caleb anapuma mozama.

"Bessie," ananong'ona. "Bessie Namwaka."