Jamu Poyamba

Hettie ndi Callum anakumana pamzere wodikira basi ku Tavistock, m'chigawo cha Devon, mvula ikuwaza ngati masiku onse. Callum analibe ambulera.

"Achemwali, kodi m'ambulera mwanumo muli malo a mlendo?"

"Malo alipo, koma musandipitirire pamzere," anayankha Hettie.

Loweruka lotsatira mnyamatayo anatulukira kunyumba ya tiyi komwe Hettie ankagwira ntchito. Anaitanitsa sikono, n'kuigawa pakati, n'kupaka kirimu poyamba, jamu pamwamba. Mwana weniweni wa ku Devon! Kutsidya kwa mtsinje wa Tamar, ku Cornwall, amayamba ndi jamu, ndipo ife kuno timangowamvera chisoni.

Chikondi chinayaka. Foni ya Hettie sinkapuma.

"Duwa langa, tiyi wopanda iwe ndi madzi otentha chabe."

"Wapamtima wanga, Khirisimasi isanakwane, mphete ikhala pachala chako."

Mtsikana wanji akanakana mawu otere?

Kenako Callum anapeza ntchito yokonza maboti ku Looe, kutsidya komweko. Ankapita Lolemba, n'kubwera Lachisanu.

"Kumeneko sindidziwa munthu," ankatero. "Ndimadya ndekha, ndikuyang'ana chithunzi chako."

Hettie anakhulupirira. Anauzanso makolo ake za mphete ija.

Lamlungu lina mayi ake anamuitana Callum kudzamwa tiyi, kuti alankhule ndi bambo. Anatulutsa makapu amaluwa aja osungira alendo, masikono ali fungo lokhalokha. Callum anali pa nkhani ya mpira ndi bambo, kuseka kuli pakamwa. Dzanja lake linangopita lokha pa botolo la jamu. Anapaka bwinobwino, n'kuunjika kirimu pamwamba.

Supuni ya mayi inaima m'kapu. Bambo anatsokomola.

"Callum," anatero Hettie, "wayamba ndi chiyani?"

"Aa, iwenso! Si sikono chabe iyi?"

"Munthu wodya yekha sasintha kadyedwe. Dzanja limenelo wina waliphunzitsa. Ndani?"

"Hettie, duwa langa, pamaso pa makolo..."

"Duwa lako lafunsa funso. Tsegula foni."

Callum anafiira mpaka m'makutu. Bambo anamuyang'ana osaphethira, ndipo iye anatsegula. Pamwamba penipeni panali uthenga wa mtsikana wotchedwa Morwenna, ndi chithunzi cha mbale ya masikono.

"Ndakusungira awiri, mwamuna wanga. Jamu poyamba, usaiwale! Mayi akufunsa za mphete ija."

Mphete ijanso! Kani lonjezo linali limodzi, zala ziwiri?

Mtima wa Hettie unasweka pomwepo. Koma kulira pamaso pa wabodza? Ayi ndithu. Anaimirira, n'kukulunga sikono ija m'pepala, n'kumupatsira m'manja.

"Tenga, ukamalizire kwa amene anakuphunzitsa. Basi yakutsidya inyamuka faivi koloko."

"Wapamtima, ndimvere kaye. Kunja kukugwa mvula!"

"Ndikuiona. Mapanga awiri avumbwitsa, Callum."

Callum anayang'ana ambulera ija itatsamira pakhomo. Hettie anaitenga n'kuiika kuseri kwa chitseko.

Chitseko chitatsekeka, mayi anaikanso ketulo pamoto. Hettie anakhala pansi, natenga sikono yake. Misozi inali ikutsika tsopano. Anayamba ndi kirimu.