Maluwa a Mayi, Chipupa cha Bambo

Izi zinachitikadi. Wokayika akafunse atelala oyandikana nyumba ndi kwawo kwa Mzime, munthu wosamwa, wosadziwa n'kuseka komwe.

Bambo ake a Mzime anali mmisiri womanga, ndipo pakhomo pawo panali lamulo limodzi: duwa lisayandikire chipupa. "Mukamathirira maluwa, mukuthirira maziko," ankatero. Mayi ankangoyankha kuti, "Mukadakwatira njerwa."

Bambo atamwalira, mayi anaunjika dothi kuseri kwa chipinda chogona n'kubzala maluwa. Ankawathirira m'mawa ndi madzulo, uku akulira, uku akuimba. Dothi lija linakwirira pulasitiki yakuda imene bambo anayala pakati pa maziko ndi njerwa kuti chinyezi chisakwere. Chinakwera. Penti inatupa, m'munsi mwa chipupa munatuluka zoyera ngati mchere, zovala zinanunkha chuku. Kamdzukulu kamene mayi ankakhala nako kanayamba kutsokomola.

"Chipupachi chikapanda kuuma, tisamuka," anatero mayi. "Nyumbayi ikulira mwini wake."

Mzime, amene anasiya koleji kudzasunga nyumbayo, ankadziwa chimene chikuiliritsa. Koma ndani angazule maluwa a mayi wamasiye? Anangopaka penti ina. Nayonso inatupa.

Tsiku lina kukuyamba kuda, mvula ikuwaza, magetsi anazima. Agalu a atelala anangoti zii. M'chipinda munadzaza fungo la simenti yongokanda kumene.

Khwee. Khwee.

Fosholo. Kuseri kwa chipupa.

Kenako likhweru, lophonya nyimbo pomwe ankaphonya bambo.

"Mayi," Mzime ananong'ona. "Mwamva?"

"Khala chete."

Khwee.

Mayi anadzuka n'kugogoda pawindo, osatsegula katani. "Inu! Ofiirawo musandithyolere!"

Fosholo inaima. Kenako inayambanso, pang'onopang'ono, mwaulemu.

Kutacha anapeza dothi lachoka, pulasitiki ili poyera, ngalande yatsopano ikuchotsa madzi kumaziko. Maluwa anali atawokedwa kumpanda, pamzere woongoka ngati wa chingwe. Mapazi panalibe. Fosholo ya bambo inali m'kachipinda kosungira katundu, mokiya, ili matope okhaokha. Atelala anati dothi likuuluka analiona ndithu, koma wogwira fosholo ayi.

"Makani!" anatero mayi, akuseka misozi ili mbwee. "Munthu kufa osasintha!"

"Ulendo wonsewo kudzaona chipupa," anadandaula Mzime, "ine osandipatsa n'moni yemwe."

Komabe fosholo ija anaitsuka, naipaka mafuta.

Chipupa chinauma, chifuwa cha mwana chinatha, ndipo zosamuka sizinatchulidwenso. Koma pansi pa windo la mayi panapezeka duwa limodzi lofiira, lili m'chitini cha penti, chitakhazikidwa pa njerwa ziwiri kuti chisakhudze nyumba. Mayi amati si iwo. Mzime amalumbira kuti si iye.

Mayi amalithirira ndi kapu, mosamala. Dontho likagwera pachipupa, amayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti, "Pepani, bambo ake."