Febe Apalasa Pansi pa Mlatho

Febe anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala kuno kwathu mumzinda wa Ghent. Febe ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti agogo ake asekenso.

Agogo a Magda anagwa pa njinga. Anathyoka mwendo. Tsopano sankatuluka m'nyumba. Ankangokhala pa zenera. Pansi pa zenera panali madzi. Pamadzi panali abakha. Dzulo abakha, lero abakha. Agogo anasiya kuseka.

Zimenezi zinamumvetsa chisoni Febe.

"Agogo, Loweruka ndidzabwera pamadzi," anatero Febe. "Ndidzabwera pa kabwato kaja timati kayaki. Mudzandiona pa zenera lomweli."

"Ndidzakudikira mpaka belu la masana," anatero agogo. "Likangolira, anamwino amandigoneka."

"Ndidzafika belu lisanalire. Ndalonjeza."

Loweruka linafika. Febe anapita kumtsinje ndi bambo ake. Dzina lawo ndi Bambo Wannes. Bambo Wannes ndi aatali. Ndi aatali zedi. Polowa pakhomo amachita kuwerama. Komanso amadziwa zonse. Amatero okha.

Pagombe panali Mayi Hilde, obwereketsa makayaki. Anawapatsa kayaki yofiira ya mipando iwiri. Anawapatsa majekete oyandamitsa. Anawapatsa nkhafi ziwiri, yaitali ndi yaifupi.

"Mvula yagwa sabata yonse," anatero Mayi Hilde. "Madzi akwera. Mukulowera kuti?"

"Musavutike, mayi," anatero Bambo Wannes. "Ine ndinabadwira muno. Milatho yonse imandidziwa."

Mayi Hilde anawayang'ana kumapazi. Anawayang'ana kumutu. "Chabwino, bambo. Muyende bwino," anatero.

Febe anakhala kutsogolo. Bambo anakhala kumbuyo. M'jekete la Febe munali kathumba ka maswiti. Anali maswiti ofewa aja timawatcha timphuno. Agogo amawakonda kwambiri.

"Ababa, ndipalase?" anafunsa Febe.

"Iwe uzingoona," anatero bambo. "Kupalasa n'kwa akuluakulu."

Febe anagoneka nkhafi yake pamiyendo. Bambo anayamba kupalasa. Kumanja, khuvu! Kumanzere, khuvu! Kayaki inanyamuka.

Anadutsa nyumba zakale za amalonda. Nyumbazo n'zowonda, n'zazitali. Madenga ake ali ngati masitepe. Pagombe panali anthu atakhala, miyendo ili lende. Ena ankadya tchipisi. Febe anawabayibitsa. Iwonso anamubayibitsa.

"Nyumba iyo ankasungiramo tirigu," anatero bambo.

"Ndikudziwa, Ababa. Tsopano ndipalase?"

"Iwe uzingoona."

Kumanja, khuvu! Kumanzere, khuvu!

Pakati pa madenga panaonekera nsanja ya mabelu. Pamwamba pake pali chinjoka chagolide. Chili ndi mapiko. Chinkanyezimira padzuwa. Febe anali asanachionepo ali pamadzi. Chinaoneka ngati chikufuna kuuluka.

Kenako kunabwera chibwato cha alendo. Alendo anali ndi makamera. Chibwatocho chinadutsa. Funde linatsatira. Kayaki inakwera, inatsika. Madzi analumphira m'kati. Thalauza la bambo linanyowa lonse.

Febe anaseka. "Ababa, anthu aziti mwatani?"

"Aziti ndine mpalasi wa mphamvu," anatero bambo. "Yang'ana kutsogolo, iwe!"

Anafika pa linga lakale la mafumu. Makoma ake ndi amiyala. Mapazi ake ali m'madzi. Febe anatambasula dzanja. Anakhudza khoma. Linali lozizira. Linali ndi ndere.

"Ababa, pano pokha ndipalaseko?"

"Iwe uzingoona, mwanawe."

Febe anayang'ana nkhafi yake. Mtima unamuwawa pang'ono. Nkhafi yake inali youma. Sinalaweko madzi n'kamodzi komwe.

Anakhotera mu ngalande yopapatiza. Kumeneku kulibe zibwato za alendo. Kuli zii. Nthambi za mitengo zimagwera m'madzi. Nyumba ya agogo inali pafupi. Panatsala mlatho umodzi.

Koma mlathowo! Unali wakale, wamiyala. Lero unali pafupi kwambiri ndi madzi. Pansi pake panatsala kampata kochepa. M'katimo munali bii.

"Aaa," anatero bambo. "Mlathowu wafupika liti?"

"Madzi akwera, Ababa. Mayi Hilde ananena."

Paja safunsa anadya phula.

"Palibe vuto. Ndiwerama," anatero bambo.

Anawerama. Anapalasa kamodzi. Febe analowa bwinobwino. Koma mutu wa bambo unagunda mwala. Go!

"Mayo ine!" anakuwa bambo. Madzi anakankha kayaki. Inabwerera m'mbuyo.

Bambo anayesanso. Anawerama kwambiri. Mutu unalowa. Koma msana unakana. Nkhafi yaitali inakananso. Kayaki inabwereranso m'mbuyo.

Mabelu a pa nsanja anaimba kanyimbo. Masana anali pafupi.

Bambo anasisita pachipumi. "Basi, Febe. Tibwerere. Tikabweze kayaki. Kwa agogo tipita wapansi. Tikalowera pakhomo."

"Ayi, Ababa! Agogo sakudikira pakhomo. Akudikira pa zenera."

"Akamvetsa, mwana wanga."

"Belu lilira. Awagoneka. Adzati ndinawanamiza."

Misozi inalengeza m'maso mwa Febe. Anayang'ana mlatho. Anayang'ana mdima uja. Ankauopa ndithu. Koma kutsogolo kwa mdima kunali kuwala. Kumeneko n'kumene kunali zenera la agogo.

Febe anapukuta misozi. Anaganiza. Mutu wake sunagunde mwala. Nkhafi yake ndi yaifupi.

"Ababa, ine ndikukwana," anatero.

"Iwe ukukwana. Nanga ine?"

"Inu gonani chagada."

"Ndigone? Nanga apalase ndani?"

"Ine."

Bambo anayang'ana Febe. Anayang'ana mlatho. Anayang'ana uku ndi uku. Ankafuna kuona ngati pali anthu. Panali bakha mmodzi yekha.

"Usakauze munthu," anatero bambo.

Anagona chagada. Anagoneka nkhafi yawo pamimba. Mphuno inaloza kumwamba.

Febe anagwira nkhafi yake ndi manja awiri. Anaiviika m'madzi. Kumanja, khuvu! Kumanja, khuvu! Kayaki inakhota. Inagunda khoma. Gu!

"Kumanzerenso, Febe! Uwongole manja! Usakweze kwambiri! Uchite ngati ine!"

"Ababa," anatero Febe, "inu muzingoona."

Bambo anangoyang'ana kumwamba.

Febe anapuma. Anayambanso. Kumanja, khuvu! Kumanzere, khuvu! Kayaki inawongoka. Inalowa pansi pa mlatho.

M'katimo munkazizira. Madzi ankadontha, tho, tho, tho. Febe ankapalasabe. Manja anayamba kuwawa. Madzi ankakankha kayaki m'mbuyo. Febe ankaikankha kutsogolo.

"Ababa, mukuona chiyani?"

"Akangaude okhaokha," anatero bambo ndi mawu aang'ono. "Wina wandiyang'ana. Fulumira, mayi anga."

Febe anaseka. Mantha anathawa. Anapalasa mwamphamvu. Kumanja, khuvu! Kumanzere, khuvu! Kuwala kunayandikira. Kumanja, khuvu! Kumanzere, khuvu!

Ngwee! Anatulukira padzuwa.

Agogo anali pa zenera. Anali atagwira tsaya. Ankayang'ana abakha. Kenako anaona kayaki yofiira. Kutsogolo kunali Febe, akupalasa yekha. Kumbuyo kunali chimunthu chachitali. Chinali gada, ndere kumutu, thalauza lonyowa.

"Agogo! Agogo! Ndafika!" anakuwa Febe.

Nge! Nge! Nge! Belu la masana linayamba kulira.

Agogo anatsegula zenera. Anavala magalasi. Anayang'anitsitsa.

"Febe, mdzukulu wanga! Wapalasa wekha?"

"Ndekha, Agogo!"

"Nanga katundu wanyamulayo ndi wa yani?"

"Ndi Ababa!"

"Iwe Wannes! Mwana akugwira ntchito, iwe uli mtulo?"

"Sindikugona, Amayi," anatero bambo, akudzuka. "Ndimayendera mlatho."

Kangaude anatsika pa tsitsi lawo. Anaima pamphuno. Bambo anakuwa. Anakupiza manja. Kayaki inagwedezeka. Abakha onse anathawa.

Agogo anayamba kuseka. Anaseka pang'ono. Anaseka kwambiri. Anagwira pamimba. Misozi inatsika m'masaya. Anamwino anabwera kudzawagoneka. Anasuzumira pa zenera. Iwonso anaseka.

"Lero sindigona msanga," anatero agogo. "Ndisiyeni kaye."

Mtima wa Febe unadzaza chimwemwe. Manja ankawawabe, koma analibe nazo ntchito. Anapalasa mpaka pansi pa zenera. Anatulutsa kathumba ka timphuno. Agogo anatsitsa ndodo yawo yoyendera. Febe anakoleka kathumba. Agogo anakoka.

Agogo anadya kamodzi. Anapatsa anamwino kamodzi. Anaponyera Febe kamodzi. Febe anawakha.

"Nanga ine, Amayi?" anafunsa bambo.

"Wapalasa ndani?" anatero agogo. Koma anawaponyera ndithu.

Anacheza nthawi yaitali. Febe anafotokoza za funde. Anafotokoza za mdima. Bambo anafotokoza kuti kangaude anali wamkulu ngati mbale. Palibe anakhulupirira.

"Udzabwerenso Loweruka linalo," anatero agogo. "Ndidzakudikira."

"Ndidzabwera, Agogo."

Nthawi yobwerera inakwana. Anatembenuza kayaki. Mlatho uja unali pomwepo. Sunakwere n'pang'ono pomwe.

Bambo anauyang'ana. Anausa moyo. "Febe, njira ina palibe?"

"Palibe, Ababa."

Agogo anatsamira pa zenera. Anali atayamba kale kuseka.

Febe anakweza nkhafi yake. Inali yonyowa, ikudontha madzi.

"Ababa, gonani," anatero.

Ndipo Bambo Wannes anagona.